Denga la udzu silinena za m'kati: chifukwa chake ojambula mapu akufuna eni mudzi

Munthu akakwera phiri la Dómuè m'boma la Angónia nayang'ana pansi, chimene amaona ndi madenga okhaokha, ena a udzu, ena a malata onyezimira. Sangathe kunena kuti ili ndi la nyumba yogona, ilo ndi la nkhokwe, linalo ndi la khola la mbuzi. Vuto lomweli amakumana nalo anthu amene amajambula mapu a midzi poyang'ana zithunzi zotengedwa kumwamba ndi makina a satelayiti, ndipo likapanda kukonzedwa limakhudza chakudya, mankhwala ndi thandizo limene mudzi ungalandire pa nthawi ya tsoka.

Mapu amene akunenedwa pano amatchedwa OpenStreetMap. Anawayambitsa ndi Steve Coast ku Britain m'chaka cha 2004. Munthu aliyense amene ali ndi kompyuta kapena foni ya intaneti angathe kulembetsa dzina nayamba kuikapo msewu, mjigo, mlatho kapena nyumba, ndipo aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito osalipira. M'chaka cha 2014 mabungwe a Cruz Vermelha a ku America ndi ku Britain, madokotala a Médicos Sem Fronteiras pamodzi ndi gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team anayamba ntchito yotchedwa Missing Maps, yoika pa mapu midzi imene sinalembedwepo.

Midzi ya m'malire yambiri ndi yotere. Nthawi ya nkhondo anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, ena namanga pa mabwinja awo, ena nayambitsa midzi yatsopano pafupi ndi misewu ndi misika. Mapu akale a nthawi ya atsamunda sadziwa midzi imeneyi.

Kufunika kwa ntchitoyi kunaonekera poyera pamene namondwe wa Idai anaomba pafupi ndi mzinda wa Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019. Anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana anakhala pa makompyuta awo najambula nyumba ndi misewu ya ku Moçambique, Malawi ndi Zimbabwe kuti opereka thandizo adziwe kumene kuli anthu. Kagwiridwe kake n'kotere: dera limagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono, munthu amatenga kagawo kamodzi nazungulira denga lililonse ndi mzere, la ngodya zinayi kapena lozungulira, kenaka wina wodziwa bwino ntchitoyi amabwera kudzaona ngati zalembedwa molondola.

Koma munthu wa ku London kapena ku Lisboa sanaonepo nkhokwe. Choncho malangizo amamuuza kuti akakaika angolemba chizindikiro chachingerezi choti building=yes, kutanthauza kuti apa pali chomangidwa, koma mtundu wake sukudziwika. Zizindikiro zina zilipo: house ndi nyumba yogona, hut ndi kanyumba ka zipangizo zam'mudzi, school ndi sukulu, church ndi tchalitchi, mosque ndi mzikiti, toilets ndi chimbudzi, roof ndi denga lopanda makoma, ndipo ruins ndi bwinja. Palinso malo olembapo ngati denga ndi la udzu kapena la malata, ndiponso ngati khoma ndi la dothi kapena la njerwa. Zonsezi zimadikira munthu amene anaponda pamalopo.

Kusiyanitsa nyumba si nkhani yachilendo kuno. Pa kalembera wa anthu ndi nyumba wa mu Ogasiti 2017, ofesi ya Instituto Nacional de Estatística inkasiyanitsa palhota, casa mista, casa convencional ndi mitundu ina, poyang'ana zipangizo zimene anamangira. Koma kalembera ankawerenga mokhala anthu, pamene mapu amalemba chilichonse chimene chili ndi denga. Pakhomo limodzi la mlimi wa ku Tsangano kapena ku Macanga pamapezeka nyumba yaikulu, khitchini, nkhokwe, khola, chimbudzi, mwinanso gowelo la anyamata ndi chigafa choyanikamo fodya. Ku munda kuli msasa wolindiramo anyani, umene umagwa mvula ikatha.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, mudzi wa mabanja 40, banja lililonse lili ndi madenga asanu, umaoneka pa chithunzi ngati madenga 200. Woyerekeza kuchuluka kwa anthu akatenga denga lililonse ngati nyumba yogona anthu asanu, adzati m'mudzimo muli anthu 1,000, chonsecho alimo 200 okha. Matumba a ufa ndi maneti a udzudzu adzachuluka kumeneko nachepa ku mudzi wina. Cholakwa china n'chopweteka koposa: kanyumba kakang'ono kozungulira ka agogo okhala okha kangayesedwe nkhokwe, agogowo nasowa pa chiwerengero. Opopera mankhwala a udzudzu nawonso amafuna nyumba zogona, osati mosungira chimanga, ndipo akapatsidwa chiwerengero cholakwika amanyamula mankhwala osakwanira kapena amataya masiku akufunafuna nyumba zimene kulibe.

Zipangizo zomangira nazo zili ndi tanthauzo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize unaduka. Pa nthawi yotere oyang'anira za ngozi zogwa mwadzidzidzi a INGD amafuna kudziwa msanga kuti nyumba za dothi zili m'mbali mwa mitsinje ndi ziti, ndiponso kuti sukulu kapena tchalitchi cha njerwa ndi malata chimene anthu angathawireko chili pati. Mapu ongosonyeza timabokosi topanda maina sayankha mafunso amenewa.

Pali lamulo lina limene limasokoneza ongoyamba kumene. Chizindikiro cha nyumba chimanena chimene nyumbayo inamangidwira, pamene ntchito imene ikugwira lero imalembedwa payokha. Kantini yakale ya nthawi ya Apwitikizi imene lero ana akuphunziriramo imalembedwa ngati nyumba ya malonda, kenaka n'kuonjezapo kuti pali sukulu. Mpingo wopemphera m'kalasi Lamulungu susandutsa kalasiyo tchalitchi. Chigayo, banka yogulitsa sopo ndi mchere, kapena nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera pa chipatala, zonsezi kumwamba zimaoneka ngati malata wamba. Mbiri ya nyumba zotere ili m'mitu ya akuluakulu a m'mudzi.

Anthu ena amachita mantha akaona achinyamata akuyenda ndi mapepala n'kumawerenga nyumba, ndipo manthawo ali ndi pochokera. Akuluakulu akukumbukira msonkho wa nyumba wa atsamunda, wotchedwa imposto de palhota, umene unkayamba ndi kuwerenga madenga. Koma mapu awa safuna dzina la mwini nyumba, kuchuluka kwa ziweto zake kapena matumba amene wakolola, ndipo wofunsa zotere si wa ntchito imeneyi. Mapuwa sapatsanso munthu malo kapena kumulanda. Nkhani za malo zimayendera Lamulo la Malo la 1997, limene limavomereza ufulu wa anthu okhala pa malo motsata mwambo, ngakhale alibe pepala la DUAT.

Komabe mudzi uyenera kudziwa kuti chimene chaikidwa pa mapuwa chimaonedwa ndi dziko lonse. N'chifukwa chake mfumu ndi nyakwawa ayenera kuuzidwa ntchito isanayambe, ndipo ali ndi ufulu wofunsa bungwe limene latuma ojambulawo ndi cholinga chake. Malo a mwambo monga dambwe, kachisi wa mizimu kapena manda si oti mlendo angowalemba yekha. Eni mwambo ndiwo anene choyenera kuonekera ndi choyenera kusiyidwa.

Kuthandiza sikulira kuti munthu akhale ndi foni yodula. Pali njira yotchedwa Field Papers, yosindikiza mapu a mudzi pa pepala, anthu n'kuyenda nalo khomo ndi khomo akulemba ndi cholembera kuti apa ndi nyumba yogona, apa nkhokwe, apa bwinja, apa mjigo wakufa. Pepalalo limajambulidwa n'kutumizidwa kwa olowetsa mu kompyuta. Aphunzitsi, a zaumoyo a m'midzi otchedwa APE, alembi a mabairo ndi amayi otunga madzi amadziwa zimenezi kuposa makina alionse. Akale anati mutu umodzi susenza denga: wakutali amajambula denga, mwini mudzi amanena za m'kati mwake.

Ndipo popeza nkhokwe zimasuntha, misasa imagwa, ana amakwatira namanga zawo, mapu amakalamba msanga. Nthawi yabwino yowaunikanso ndi m'chilimwe, kukolola kutatha, njira zikadali zouma ndipo mvula yoyamba isanagwe.