Opeta Zithunzi za Ubongo

Munthu akatuluka m'makina a MRI, wojambula amati ntchito yatha. Gulu lina limakhala likungoyamba kumene: akatswiri a masamu ndi makompyuta, omwe ambiri sakumana n'komwe ndi wodwalayo. Ena anaphunzira physics, ena za maganizo a munthu, ndipo chintchito chotopetsa, monga kukonza zithunzi za anthu omwe ankagwedeza mutu pojambulidwa, chimagwera ophunzira a PhD.

Vuto lawo ndi kuchuluka kwa zinthu. Chithunzi chimodzi cha ubongo chimagawidwa m'timabokosi totchedwa voxel masauzande ambirimbiri, pomwe anthu ojambulidwa pa kafukufuku mmodzi amangokhala makumi owerengeka. Ntchitoyi ndi ya lichero: kupeta mpaka patsale timabokosi tochepa tomwe tikunenadi kanthu. Ena amayesa kabokosi kalikonse pakokha. Ena amaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa odwala ndi athanzi, n'kumataya timabokosi tosathandiza, kenaka n'kubwereza. Palinso njira ya LASSO, yomwe Robert Tibshirani anaitulutsa mu 1996, imene imafafaniza yokha zopanda phindu. Zida zawo ndi mapulogalamu monga SPM ya Karl Friston wa ku London, FSL ya ku Oxford ndi AFNI ya Robert Cox.

Mdani wamkulu pa ntchitoyi ndi kudzinamiza. Mu 2009 Craig Bennett ndi anzake anaonetsa zotsatira za nsomba yakufa ya salmon yomwe inaikidwa m'makina n'kuonetsedwa zithunzi za anthu. Masamu ake atachitidwa mosasamala, timabokosi tina mu ubongo wa nsombayo tinaoneka ngati tikugwira ntchito! Sizodabwitsa: ukafunsa funso limodzi kambirimbiri, mwayi wokha umakuyankha kuti inde penapake. Chaka chomwecho Nikolaus Kriegeskorte anadzudzula chizolowezi china choipa kuposa apa, chosankha timabokosi pa zithunzi kenaka n'kutsimikizira chisankhocho pa zithunzi zomwezo. Katswiri wosamala amayamba wabisa gawo la zithunzi, osalikhudza mpaka kusankha kutatha. Kwa ine, kudziletsa kumeneku ndiye luso lenileni la ntchitoyi. Mapulogalamu aja aliyense angawaphunzire.

Kusankha bwino kuli ndi phindu, ndipo umboni uli ku Blantyre. Chipatala cha Queen Elizabeth chinalandira makina a MRI mu 2008. Terrie Taylor, Karl Seydel, Sam Kampondeni ndi anzawo anajambula ana 168 odwala malungo a mu ubongo, n'kufufuza chomwe chimasiyanitsa omwalira ndi opulumuka pakati pa zizindikiro zambiri zooneka pa zithunzizo. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa ana 25 omwe anamwalira, 21 ubongo wawo unali wotupa kwambiri. Kuchokera apo madokotala anayamba kufufuza njira zochepetsera kutupako ndi zothandizira ana kupuma mpaka ubongo uphwe.