Magolovesi Akatha, Moyo Uli M'zala

Kugombe la kumadzulo kwa South Africa ndi Namibia dzuwa limatha kuswa mtengo, koma madzi a m'nyanja n'kukhala ozizira ngati ochokera m'firiji. Mphepo ya kummwera imakankhira madzi apamwamba kutali ndi gombe, ndipo m'malo mwake mumakwera madzi ochokera pansi pa nyanja. Umo ndi mmene mafunde a Benguela amachitira, moti nthawi zina madziwo amatsika kufika madigiri 10. Amene amagwira nsomba za mbuna pansi pa Nyanja ya Malawi, m'madzi opitirira madigiri 20 chaka chonse, kuzizira kotereku sakudziwa.

Komatu m'madzi omwewa muli anthu amene amapezamo chakudya cha ana awo. Ku Port Nolloth osambira pansi pa nyanja amakhala maola ambiri akukoka mapaipi oyamwa miyala momwe mumapezeka dayamondi. Ku Saldanha Bay ena amakonza zingwe za m'minda ya nkhono za m'nyanja. Kwa iwowa magolovesi ndi chida chimene chimatha msanga kuposa zovala zina zonse, ndipo kugula ena si nkhani yongotola alionse.

Madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kuposa mpweya pafupifupi ka 25. Thupi likazizidwa limachepetsa magazi opita kumanja pofuna kuteteza mtima ndi mapapo. Zala zimayamba kuuma, kenako zimachita dzanzi. Munthu wa zala zadzanzi amalephera kumasula lamba wa zitsulo zolemera, kutsegula mpweya wapadera kapena kudula chingwe chimene chamukola. Ngozi yagona pamenepo.

Magolovesi ambiri amapangidwa ndi neoprene, mphira wokhala ndi timathovu ta mpweya. Timathovuto ndi timene timasunga kutentha. Pa mamita 10 pansi pa madzi, mphamvu yopanikiza imakhala yowirikiza kawiri ya pamtunda, choncho timathovu timafinyika ndipo golovesi imapyapyala. Zikachitika tsiku ndi tsiku, mphirawo subwereranso mwakale. N'chifukwa chake golovesi imatha kuoneka yabwinobwino, yopanda chibowo, koma itasiya kale ntchito yake. Odziwa amaitsina pachikhatho ndi kunsonga za zala: ikakhala yopyapyala ndi yolimba ngati chikumba, nthawi yake yakwana.

Posankha atsopano ambiri amathamangira kunenepa kwake. Zoonadi, a mamilimita 3 sakwanira m'madzi a Benguela kwa munthu wokhalitsa pansi. A mamilimita 5 ndiwo amakonda kugwiritsidwa ntchito. Alipo a mamilimita 7 a zipinda zitatu: chala chachikulu pachokha, chamkombaphala pachokha, zitatu zotsalazo pamodzi kuti zizifunditsana. Amenewa amatenthetsa kwambiri, koma kumanga nawo mfundo ndi ntchito yaikulu. Palinso osalowa madzi, amene amalumikizidwa ku suti youma ndipo mkati mumavalidwa ena ofunda. Ndi okwera mtengo, ndipo chigoba cha nkhono chikangowaboola, phindu lake lathera pompo.

Chofunika koposa, chimene chimaiwalika kawirikawiri, ndi kukwana bwino. Golovesi yaikulu imalola madzi ozizira kulowa ndi kutuluka dzanja likamagwedezeka, ndipo dzanjalo limangokhalira kutenthetsa madzi atsopano. Yothina nayo imatsekereza magazi, n'kufulumizitsa dzanzi lomwe munthu akulithawa. Golovesi ya mamilimita 5 yokwana bwino imaposa ya 7 yokhwepa. Wogula wanzeru amaivala m'sitolo momwemo, n'kufumbata chibakera, n'kuyesa kumasula lamba wake. Amayang'ananso misoko, pakuti yomata ndi guluu kenako n'kusokedwa mosaboola mbali zonse ndiyo salowetsa madzi ambiri. Kwa ogwira miyala ndi zigoba, chikhatho cholimbitsidwa ndi Kevlar chimatalikitsa moyo wa golovesi, ngakhale chimaumitsako dzanja.

Kusamala kwake n'kosavuta: kutsuka ndi madzi opanda mchere, kuyanika pamthunzi, ndi kumata kabowo kasanakule.

Nkhani yotsala ndi ya amene ayenera kulipira. Ku South Africa, lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaletsa olemba ntchito kudula malipiro a wantchito chifukwa cha zinthu zimene lamulo likuwalamula kupereka poteteza moyo wake. Wantchito wochokera kunja, amene amaopa kuti akadandaula ntchito imuthera, ndiye amakonda kupirira ndi magolovesi akutha, n'kumakulunga tepi kunsonga za zala.