Mitambo ya Pakati pa Mlalang'amba

Usiku wa mwezi wa July, ife a ku Mtandire tikaima pabwalo ndi kufulatira magetsi a ku Area 47, timaona mzere woyera wonga utsi utadutsa pamwamba pa mitu yathu. Umenewo ndiwo Mlalang'amba, mudzi waukulu wa nyenyezi, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezizo. Pamene mzerewo watambasuka ndi kuwala koposa, kumeneko ndiko pakati pake. Ndi kutali kwakuti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kusanatifike.

Tikapenyetsetsa tiona mawanga akuda mumzerewo. Si maenje ayi, koma fumbi lotchinga maso athu. Koma mafunde a wailesi amapyola fumbilo. Karl Jansky wa ku America ndiye anayamba kuwamva m'chaka cha 1932, ndipo mu 2018 makina a MeerKAT a ku South Africa, okhala ndi mbale zazikulu 64, anajambula malowo moonekera bwino.

Kodi kuseri kwa fumbilo kuli chiyani? Kuli mitambo yaikulu ya mpweya, makamaka wa haidrojeni, umene nyenyezi zimapangika nawo. Mtambo umodzi, wotchedwa Sagittarius B2, umalemera ngati madzuwa 3 miliyoni. Kuzizira kwa mitamboyi ndi kwa madigiri ngati 200 kunsi kwa pamene madzi amaundana. Komabe ndi yofundirapo poyerekeza ndi mitambo ya kufupi ndi dzuwa, imene imafika madigiri 260. Mpweya wakenso ndi wothithikana kwambiri.

Chodabwitsa nachi. Nyenyezi imabadwa pamene mtambo waunjikana mwakachetechete kufikira mkati mwake mutayaka. Pakati pa Mlalang'amba mpweya ulipo wochuluka, koma nyenyezi zobadwako ndi zochepa koposa m'mene akatswiri anayembekezera. Ambiri a iwo akuti chifukwa chachikulu ndi chipwirikiti: mpweyawo umawinduka ndi kukokedwa uku ndi uku, osapeza mpata wodekha.

Makolo anzathu, chilengedwe cha Mulungu chatiphunzitsa kanthu. Nyumba ingakhale ndi ufa, zovala ndi ndalama za sukulu, koma ngati muli ndewu ndi kutukwana usiku ndi usiku, mwana sangakule bwino. Tiyeni tisunge bata m'mabanja mwathu. Ndipo inu anyamata ndi atsikana, mukatha mapemphero a madzulo, tulukani ndi makolo anu mukawaonetse pamene pali mitamboyo.