Chiboliboli chopanda dzina, wosema wopanda ndalama

Aliyense wa pamsika amadziwa kuti katundu wopanda mwini amatsika mtengo. Koma ndiye pali katundu wina amene timagulitsa tsiku ndi tsiku m'matauni muno ngati kuti anachita kugwa kuchokera kumwamba. Ndikunena ziboliboli ndi zithunzi zojambula pamanja zija zimayalidwa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa Victoria Avenue ku Blantyre, panjira ya ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay.

Pamenepo mupeza mvuu, njovu, nkhwazi itagwira chambo, mlambe dzuwa likulowa, bawo ndi mpando wa mfumu. Mlendo akafunsa kuti wasema ndani, yankho limakhala limodzi: ndine ndemwe bwana. Chonsecho wosema weniweni ali kumudzi, zikhatho zili mabala okhaokha, ndipo anagulitsa mvuuyo pamtengo wa pikulitsa chifukwa kunyumba kunalibe ufa.

Sikuti mavenda ndi akuba ayi. Nawonso amalipira thiransipoti, amakhala padzuwa tsiku lonse, nthawi zina sabata yathunthu osagulitsa kanthu. Vuto ndi lakuti pamsewu chiboliboli chimagulitsidwa ngati tomato. Wogula amayamba ndi kunenerera, ndipo mvuu yosemedwa mwaluso imakhala pambali pa mvuu zina makumi awiri zofanana nayo mutu. Ndani angaipatse ulemu?

Apa ndi pamene pakubwera nkhani ya nyumba zoonetseramo zaluso, zomwe ena amangoti magalare. Chitsanzo chachikulu kwathu kuno chili ku Mua m'boma la Dedza, kufupi ndi Mtakataka, mukangopatuka pang'ono pamsewu wa M5. Mishoni ya Katolika ya Mua inayamba mu 1902. Mu 1976 wansembe wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene Achewa anawapatsa mfunda wa Chisale, anakhazikitsa pamalopo likulu la zaluso ndi chikhalidwe la KuNgoni. Anayamba ndi kuphunzitsa amuna a m'midzi yozungulira kusema ndi kujambula, ndipo ntchito zawo zinkaikidwa m'chipinda choonetsera kuti alendo aziona ndi kugula.

Kusiyana kwake ndi pamsewu n'kotani? M'chipinda chotere chiboliboli chimaima pachokha, wogula amachizungulira, amachiona bwinobwino popanda munthu womukoka malaya. Amafunsa za wosema, amamva nkhani ya chinthucho. Munthu akadziwa dzina la mmisiri amatha kubweranso chaka chamawa kudzafuna ntchito ya yemweyo, kapena kutumiza oda. Inu ogulitsa nsomba mukudziwa kuti kasitomala wobwerera ndiye amadyetsa ana, osati wongodutsa.

Ndipo maoda anabweradi. Amisiri a ku Mua asema zinthu zokongoletsa matchalitchi ambiri m'dziko muno, ndipo ntchito yawo inafika mpaka ku Germany, m'kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich. Tangoganizani, mtengo wa ku Malawi, sompho la mmudzi, koma azungu akugwada pamaso pake.

Chomwe chimandigwira mtima pa ntchito za ku Mua n'chakuti nyama sizingosemedwa kuti mlendo akondwe. Nanzikambe ali pamenepo chifukwa makolo athu amamutchula pa nkhani ya chilengedwe cha anthu ku Kaphirintiwa. Zilombo za gule wamkulu monga kasiyamaliro, njovu ndi mkango zili ndi mwambo wake. Pabwalo lomwelo pali nyumba yosungira mbiri ya Chamare, imene ili ndi zigoba za gule wamkulu zopitirira 400, komanso imafotokoza za Angoni ndi Ayao. Izitu si zachilendo m'boma la Dedza. M'mapanga a ku Chongoni muli malo 127 pamene anthu akale anajambula pamiyala, ena mwa iwo zithunzi za nyama, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Kujambula zachilengedwe sitinaphunzire kwa alendo.

M'tauni namo muli malo otere. Ku Blantyre, m'nyumba yakale ya Mandala yomwe inamangidwa mu 1882, muli La Caverna, kumene kumapachikidwa zithunzi za ojambula a m'dziko muno. Koma tinene zoona: mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe kapena mnyamata wojambula zikwangwani ku Ndirande salowa m'malo amenewa. Amaopa. Amaona ngati pakhomo pomwe afunsidwa Chizungu. Komanso mwini galare amadula yake pa chinthu chilichonse chogulitsidwa, ndiye mmisiri asanasiye katundu wake ayenera kumvana naye momveka bwino, makamaka polemba, kuti zingati n'zake ndipo alandira liti.

Tsono pali nkhani ina yowawa imene amisiri ndi mavenda sakonda kuikamba: mitengo. Mvuu yakuda bii ija imafuna phingo, mtengo umene umatenga zaka makumimakumi kuti ukhwime. Lero phingo wasowa moti ena amasema mtengo wamba n'kuupaka polishi wa nsapato, mlendo n'kumapita akusekerera. Kuyambira mu 2017 phingo ali pa mndandanda wa mgwirizano wa maiko wa CITES, umene umayang'anira malonda a mitengo ndi nyama zomwe zikutha. Mlombwa nawo ukupita ndi macheka ndi makala.

Za mkungudza wa ku Mulanje ndiye n'zolira. Mtengo umenewu unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo timabokosi tonunkhira tija tinkagulitsidwa patsinde pa phiri timachokera kwa iwo. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha itatsala paphiri lonse. Isanu ndi iwiri, abale!

Apa masamu ake ndi osavuta. Wosema wogulitsa mopikulitsa amayenera kugwetsa mitengo yambiri kuti apeze ndalama ya thumba limodzi la feteleza. Wosema amene dzina lake likudziwika amatha kukhala mwezi wathunthu pa chipika chimodzi n'kupeza ndalama yomweyo kapena kuposa. Ojambula pansalu ndi papepala ndiye sadula mtengo n'komwe, mlambe wawo umakhalabe chiimire kumudzi.

Makomiti a m'misika yathu amatolera ndalama za maliro, za alonda, za mpira. Kodi n'chovuta kupempha khonsolo chipinda chimodzi, kapena holo ya sukulu Loweruka limodzi pamwezi, kuti osema ndi ojambula a m'dera adzayale ntchito zawo, chilichonse chili ndi kapepala ka dzina la mwini, mtundu wa mtengo ndi mtengo wogulira? Venda angathe kukhala wogulitsa pakhomo n'kumalandira yake poyera. Ndipo ogula asakhale alendo okha. Eni mashopu, eni maresitihausi ndi eni mabala amene amapachika kalendala ya chaka chatha pakhoma ali ndi ndalama yogulira chithunzi cha nkhwazi ya pa Nyanja ya Malawi.