Chuku cha m'nkhokwe chimapha chiwindi mwakachetechete

INSACA – Nyengo yokolola ikafika m'boma la Mecanhelas, kuyambira ku Entre-Lagos mpaka kugombe la nyanja ya Chiuta, mabanja amathamangira kututa mtedza ndi chimanga. Koma mbewu ikalowa m'nkhokwe isanaumitsitse imachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, mdani wamkulu wa chiwindi.

Chiwindi chimakhala kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimasefa zoipa m'magazi, chimasunga shuga wopatsa mphamvu, chimapanga ndulu yogaya mafuta, komanso chimathandiza magazi kuundana munthu akadzicheka ndi chikwanje.

Vuto lake n'lakuti chiwindi sichifulumira kudandaula. Chimawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka, mwini wake akupita kudimba bwinobwino. Chikadzalephera, maso amasanduka achikasu, mimba imadzaza madzi, miyendo imatupa, ena amasanza magazi, ena mutu umasokonezeka. Apa ndi pamene abale amayamba kulozana zala za ufiti, wodwala n'kuchedwa kufika kuchipatala.

Poizoniyu anatulukiridwa pambuyo pa 1960, chaka chimene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wachuku. Saphedwa ndi moto: kukazinga mtedza kapena kuphika nsima sikumuchotsa. Akakumana ndi kachilombo ka hepatitis B, kamene kamafala kudzera m'magazi, m'kugonana ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa khanda, ngozi ya khansa ya m'chiwindi imakula kwambiri. Kachasu womwa tsiku ndi tsiku amangowonjezera nkhuni pamoto.

Chitetezo chimayambira pabwalo. Mtedza uyanikidwe pathandala kapena pamphasa, osati padothi, mpaka uzilira ukagwedezedwa m'makoko. Wofota, woboola ndi wowawa utayidwe, usasinjidwe kukhala nsinjiro za ndiwo kapena phala la mwana. Asauwaze madzi pofuna kuti usendeke msanga. Nkhokwe isadonthe, ndipo matumba asagone pansi.

Katemera wa hepatitis B analowa m'gulu la akatemera a ana ku Mozambique mu 2001, choncho mwana asaphonye masiku a kusikelo. Amene maso achita chikasu apite msanga kuchipatala cha ku Insaca, mimba isanayambe kutupa.