Ana a Sekondale Aphunzire Kuyesa Nkhani

Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa lamulo limodzi limene saliiwala. Asanayambe nchito pa malo amene angophulitsapo miyala, atenga citsulo cacitali nagogoda denga. Mwala wolimba uli ndi kaliridwe kace, ndipo mwala umene wang'ambika m'kati ulira ngati ng'oma. Maso okha sangathe kusiyanitsa, pakuti miyala yonse iwiri ioneka cimodzimodzi. Ndipo munthu amene alowa osagogoda aika pa ngozi moyo wace ndi wa anzace omwe.

Nkhani nazonso zifuna kugogoda kotere. Masiku ano m'maiko ambiri muli phunziro limene m'Cingerezi alicha Media and Information Literacy, ndiko kunena kuti nzeru za kudziwa kumene nkhani zicokera, kuziyesa ngati ziri zoona, ndi kuzipereka kwa ena mosamala. Bungwe la UNESCO linatulutsa buku lotsogolera aphunzitsi pa phunziroli m'caka ca 2011, ndipo caka ciri conse, kuyambira pa 24 kufikira pa 31 October, maiko akumbukira mlungu wace. Koma anthu a m'Zambia safunika kupita kutali kuti aone kufunika kwace, pakuti mbiri ya dziko lao lomwe iwauza.

Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 1949 munafika m'masitolo kawailesi kochedwa Saucepan Special, cifukwa kanali kooneka ngati poto wophikira. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25, motero munthu wa pa mgodi amene anasunga ndarama anatha kukagula, ndipo madzulo anansi anali kusonkhana pa khomo pace kudzamvera nyimbo ndi nkhani m'cinenero cao.

Koma m'zaka za 1952 ndi 1953, pamene nkhani ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland inabvuta, m'makomboni munayenda mphekesera zoopsa. Kunamveka kuti m'shuga wa m'masitolo athiramo mankhwala oti akazi a anthu akuda asabalenso, ndipo ena analeka kugula shuga. Kunamvekanso kuti banyama, anthu oyenda usiku kugwira anzao ndi kuwacotsa mwazi, agwirizana ndi a ku wailesi, kotero kuti oulutsa mau ena anakhala mwamantha pakati pa abale ao. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesi ya mu Lusaka, analemba za masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959. Anthu amene anakhulupirira zimenezi sanali opusa iai. Anali ndi dandaulo loona, pakuti Citaganya cinali kudza popanda kubvomera kwao, ndipo wailesi inali ya Boma lomwelo limene linali kucifuna. Bodza linamera msanga cifukwa linapeza mitima iri kale ndi mantha oona.

Zofanana nazo zinaonekanso patapita zaka zambiri. Ca kumapeto kwa caka ca 2019, ku Chingola kunayamba kumveka za anthu othira mankhwala ogonetsa m'nyumba za anzao usiku, ndipo pofika February 2020 mbiriyo inali itafika mu Lusaka ndi m'zigawo zina. Apolisi analandiradi madandaulo ambiri, koma pamwamba pa madandaulowo panaunjikana mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook, onena za anthu ofuna mwazi, pamodzi ndi zithunzi zosadziwika kumene zinajambulidwa. Magulu a anthu okwiya anapha anthu oposa 40 popanda kuwaweruza pa bwalo liri lonse, ena cifukwa cabe anali alendo pa malopo. M'caka ca 1952 mphekesera inayenda pa njinga ndi pa sitima, nitenga masiku. M'caka ca 2020 inacoka ku Chingola nifika ku Chipata munthu asanamalize kudya nsima.

Ndi cifukwa cace phunziroli liyenera makamaka anyamata ndi atsikana a m'makalasi a pamwamba a sekondale. M'nyumba zambiri ndiwo amene awerengera makolo mauthenga a pa foni ndi kuwamasulira za m'Cingerezi. Atsala pang'ono kufika zaka 18, pamene munthu aloledwa kuponya voti pa masankho. Ndipo kuyambira mu January 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu zace kufikira kumapeto a sekondale, nyumba zambiri za m'komboni ziri ndi mwana amene wafika m'makalasi amenewa. Mwana mmodzi wodziwa kuyesa nkhani acinjiriza banja lonse.

Ciyambi ca phunziroli ciri m'mafunso anai. Loyamba ndi lakuti: wanena ndani? Pa bwalo la mfumu, mboni imene inaona ndi maso siilingana ndi munthu amene anangomva ku mowa. Uthenga woyamba ndi mau akuti "mbale wanga wa ku polisi wandiuza" ulibe mwini wace, pakuti mulibe dzina, mulibe tsiku, mulibe malo. Pa WhatsApp pali cizindikiro cothandiza: uthenga umene wadutsa kale m'manja asanu kapena oposa uonetsa timibvi tiwiri pamwamba pace, ndipo kuyambira m'caka ca 2020 uthenga wotere sungatumizidwe ku malo oposa amodzi pa nthawi imodzi. Mwana wa sukulu aphunzire kuti timibvi timeneti titanthauza kuti wotumizayo sanaone kanthu, wangolandira naye.

Funso laciwiri ndi lakuti: zinacitika liti, ndipo kuti? Cithunzi cingakhale coona, koma mau olembedwa pansi pace ali onama. Cithunzi ca ngozi ya ku dziko lina, ya zaka zisanu zapitazo, cingabwere lero ndi mau akuti cajambulidwa ku Kitwe m'mawa muno. Mwana aphunzire kuyang'anitsitsa. M'Zambia magalimoto ayenda ku manzere kwa mseu, koma ku Congo ayenda ku manja, ndipo zikwangwani za ku Lubumbashi zilembedwa m'Cifalansa. Google iri ndi njira yoti munthu aikemo cithunzi nafufuze kumene cinaonekapo kale. Ndiponso masiku ano makina a kompyuta ochedwa AI atha kupanga cithunzi ca cinthu cimene sicinacitike konse, ngakhale kutsanzira liu la munthu wodziwika. Motero kuona nkhope ndi kumva liu sikulinso umboni wokwanira.

Funso lacitatu, limene liposa onse, ndi lakuti: apindula ndani anthu akakhulupirira? Nyumba iri yonse ya nkhani iri ndi mwini wace. Wailesi ya ZNBC ndi manyuzipepa a Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail ndi a Boma. Radio Icengelo ya ku Kitwe ndi ya mpingo wa Katolika. Ena ndi a anthu a malonda. Izi sizitanthauza kuti onsewa anama, koma kuti ali yense asankha zimene aika patsogolo, ndipo munthu wanzeru amva mbali ziwiri asanagamule. Facebook siilipiritsa munthu polowa, cifukwa ndarama zace zicokera kwa otsatsa malonda. Motero makina ace aonetsa munthu zinthu zimene zimcititsa kukhalapo nthawi yaitali, ndipo nkhani za mantha ndi za mkwiyo zigwira maso msanga koposa nkhani zofatsa. Anthu a kumigodi adziwanso uthenga uja wobwera m'dzina la kampani ya mgodi, wakuti nchito zapezeka, koma wofuna kulembedwa ayambe watumiza ndarama pa nambala yakuti-yakuti. Wophunzira amene anazolowera kufunsa kuti apindula ndani aona msampha umenewu asanataye ndarama za makolo ace.

Funso lacinai ndi la kusiyanitsa cocitika ndi maganizo a munthu. Mau akuti mtengo wa thumba la unga wakwera angathe kuyesedwa, pakuti munthu apita ku sitolo nakaona. Mau akuti atsogoleri sasamala za anthu, kapena akuti atsogoleri acita bwino koposa onse akale, ndi maganizo. Angakhale abwino kapena oipa, koma afuna zifukwa. Nkhani zambiri zisakaniza ziwirizi m'ciganizo cimodzi, ndipo mwana aphunzire kuzilekanitsa monga mai apeta mpunga.

Ena aganiza kuti phunziro lotere lifuna makompyuta ambiri, amene sukulu zambiri ziribe. Koma mbali yace yaikuru ifuna coko ndi bolodi cabe, ndipo ilowa bwino m'maphunziro amene alipo kale, monga Cingerezi, Mbiri ndi Civic Education. Mphunzitsi angabweretse manyuzipepa awiri a tsiku limodzi, nauza ana kuti apeze nkhani imodzi m'mapepala onse awiri, aone amene wafunsidwa ndi amene wasiyidwa. Angawatume onse kulemba za mpira umene sukulu yao inasewera Loweruka, ndipo powerenga adzadabwa kuona kuti anthu 40 amene anaonera masewera amodzi alemba nkhani zosiyana, ngakhale palibe amene anafuna kunama. Anganong'oneze mwana wa kutsogolo nkhani ya mizere itatu kuti iyende kufikira wa kumbuyo. Zimene zidzaturuka kumbuyoko ziphunzitsa za mphekesera koposa buku liri lonse.

Ana ayenera kudziwanso kuti munthu ali yense wokhala ndi foni wasanduka woulutsa nkhani, ndipo woulutsa ali ndi mlandu pa mau ace. Dziko liri ndi malamulo a milandu ya pa intaneti, amene anayamba m'caka ca 2021 nasinthidwa m'caka ca 2025, ndipo kuipitsa dzina la munthu pa foni kuli mlandu monga kuliipitsa m'nyuzipepa. Pambali pa cilango pali ufulu: lamulo la Access to Information, la m'caka ca 2023, lipatsa nzika mphamvu ya kupempha zolembedwa ku maofesi a Boma m'malo mwa kudalira zakumva. Palinso anthu amene nchito yao ndi kufufuza mphekesera, monga a iVerify Zambia, amene anayamba m'caka ca 2021. Kutseka njira za nkhani sindiwo mankhwala ai. Pa tsiku la masankho la 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko muno kufikira Bwalo Lalikuru la Milandu linalamula kuti zitsegulidwe. Koma kutseka kotere kutsekera zoona ndi zabodza pamodzi, ndipo sikusiya munthu ali wanzeru koposa m'mene analiri.

Makolo ena adzaopa kuti mwana wophunzitsidwa kufunsa mafunso adzayamba mwano, nadzatsutsa akuru. Mantha amenewa ali ndi maziko, pakuti munthu wokana ciri conse wasokera cimodzimodzi ndi munthu wokhulupirira ciri conse. Koma kuyesa nkhani sikuli kunyoza woinena. Wogogoda denga sanyoza kapitao wace. Asamala moyo wa gulu lonse. Mwana wophunzitsidwa bwino sadzanena kwa atate wace kuti anama, koma adzati, "Atate, bwanji tiyambe taona kumene nkhaniyi yacokera, tisanaitumize kwa amalume?" Akuru akale ananena kuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo phunziro lonseli liri mwambi womwewo.

Cotero makolo acita bwino kufunsa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ngati ana ao alikuphunzira zimenezi, ndi kulimbikitsa mphunzitsi amene waziyamba. Kunyumba nakonso kuli nchito. Uthenga woopsa ukafika usiku, wonena kuti mlendo wakuti-wakuti ndi wakupha ndipo anthu aturuke ndi zibonga, mwini nyumba aitane mwana wace wa ku sekondale, afunse naye pamodzi mafunso anai aja, ndipo ngati ngozi ikuoneka yoona auze apolisi. Nkhani yoona siionongeka pogona usiku umodzi, koma munthu wophedwa cifukwa ca bodza sadzukanso m'mawa mwace.