Inshuwalansi ya mmisiri wa matabwa

Amisiri a matabwa ambiri amene ndimacheza nawo amaganiza kuti inshuwalansi ndi ya eni magalimoto okha. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, chifukwa shedi yodzaza utuchi, vanishi ndi matabwa ouma a mlombwa sichedwa kugwira moto.

Zimayenda motere: mumalipira ndalama pachaka, ndipo kampani imalonjeza kukubwezerani katundu wolembedwa m'pangano akapsa kapena akabedwa. Chomwe simunalembetse sichibwezedwa. Apa ndiye ndimalimbikirapo kwambiri. Lembetsani makina, macheka, matabwa, ngakhalenso mabedi ndi zitseko za makasitomala amene analipira kale theka, poti iwowo adzabwera ndithu kudzafuna zawo. Tchulani mtengo weniweni. Mukauchepetsa kuti muzilipira zochepa, nayonso kampani idzachepetsa zokubwezerani molingana. Malisiti muzisunga kunyumba, osati m'shedi momwemo.

Musaiwale anyamata anu. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wantchito akavulala pantchito, womulemba ntchito ndiye apereke chipukuta misozi. Makina akadula chala cha mnyamata, ndalamazo zidzachoka m'thumba mwanu ngati mulibe inshuwalansi ya antchito.

Musanasaine, funsani ngati kampaniyo ili ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi.